Mavoti Awiri a Wilibala

"Ndiye tagwirizanatu, mayi," anatero telala wina akunong'oneza mkazi wake pamzere wovotera. "Ine ndichonga wadazi, inu wandevu. Mavoti athu aphana okhaokha, pasapezeke wabodza wopindula nafe."

Mkaziyo anaseka mpaka kugwira m'mimba. Akuluakulu awiri olimbirana upulezidentiwo anali atawafika pakhosi, ndipo nzeru imeneyi inawakomera ngati ana amene apeza pothawira sukulu.

Koma atalowa m'kachipinda kovotera, anapeza wandevu akumumwetulira papepala, kumwetulira komwe kuja ankalonjeza nako mankhwala m'zipatala. Dzanja linakana. Pansi penipeni panali mkulu wina wosadziwika, wa chizindikiro cha wilibala, atatong'ola maso ngati anamujambula momudzidzimutsa. Anachonga ameneyo, n'kutuluka akudziluma mlomo kuti asaseke.

"Mwachonga wandevu?" anafunsa telala.

"Ndithu, bambo. Nanga inu, wadazi?"

"Mpaka cholembera kuboola pepala!"

M'mawa mwake zotsatira za pamalopo zinamatidwa pachitseko cha sukulu. Mkaziyo anatsetseretsa chala mpaka pansi, poopa kuti kavoti kamodzi kaja kamuulula.

Wilibala inali ndi mavoti awiri.

Anacheuka pang'onopang'ono. Mwamuna wake anali kalikiliki kuimba mluzu, maso ali kumitambo.

"Bambo, pepala lija linabookadi?"

"Mayi, wongolani msana, muziyenda monyadira," anayankha telala osatsitsa maso. "Kunyumba kwathu wilibala yapambana popanda wotsutsa."