Mwasowatu, Mayi

Wapolisi anakankha chitseko cha saluni osagogoda, mpukutu wa mapepala uli kukhwapa. Mwini saluni anali asanamalize n'kusesa komwe. Pakona dilaya youmitsira tsitsi inali kulira, mayi wina atakhala m'menemo moyang'ana kukhoma, thaulo lili m'mapewa.

"Mwasowatu, mayi," anatero wapolisiyo akumwetulira.

Mwini saluni anaimika tsache. Mawu onse ali padziko pano, munthu wovala yunifolomu n'kusankha amenewo! Anamuyang'ana kuyambira kuchipewa mpaka kunsapato, n'kumufunsa ngati wosowayo tsopano ndi iyeyo. Ngati zili choncho amujambule msanga akamumate pamtengo wamagetsi, poti ntchito imene apolisi amaidziwa bwino ndi yomata mapepala basi.

Wapolisi anagwa nkhope, komatu sananame. Mng'ono wake atangosowa, mwini saluniyu ankalawirira kupolisi tsiku ndi tsiku. Ankalalata mpaka apakauntala ankazembera kuseri akangomva nsapato zake pakhonde. Kenaka anangosiya kupitako. Apolisi anapumira m'mwamba n'kumauzana kuti watopa, nanga munthu sangalire chaka chonse.

Tsopano wapolisi anatambasula pepala limodzi patebulo, pakati pa zipeso ndi mabotolo a mafuta. Linali pempho latsopano kwa anthu onse. Aliyense wodziwa kumene kuli mayi wapachithunziyo adziwitse apolisi, ndipo adzalandira mphotho. Mphothoyo inali itakwezedwa. Anaikweza ndi mwamuna wa wosowayo, bambo wa malole ambiri uja.

"Wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko," anatero wapolisi. "Alamu anuwo sakugona tulo. Dzulo pawailesi analira mpaka mawu kutha."

Mwini saluni anayang'anitsitsa pepalalo. Chithunzicho chinali cha tsiku la ukwati. Mwamuna anamudulako ndi sizasi, koma dzanja lake linatsalira paphewa pa mkwatibwi, zala zitakanikiza ngati wagwira nkhuku yoti isathawe. Mng'ono wakeyo ankaseka pachithunzipo, mano onse ali mbee.

Mphotho ija ndiyo inkamunyansa koposa. Chiikireni, aliyense anasanduka kazitape. Akondakitala ankasuzumira nkhope za azimayi m'basi. Wokonza nsapato pangodya analumbira kuti anamuona kudepoti, mawa lake anati kumsika. Mneneri wina anabwera ndi botolo la madzi, ati walota malo ake enieni, koma ayambe amuthokoza. Ngakhale azimayi ena ankalowa musaluni ngati ofuna kulukitsa tsitsi, maso ali yakaliyakali m'makona. Mwana wa mayi ake anali atasanduka mbuzi ya pamsika, aliyense akuiyeza ndi maso.

Tsono anamutsanulira wapolisi zonse. Anamufunsa kumene mapepala okongolawa anali tsiku limene mng'ono wake anafika kupolisi diso litatsekeka, magazi ali pabulauzi. Kodi sanamuuze kuti banja ndi kupirira? Kodi sanati za m'nyumba akakambirane kunyumba? Ndipo ndani anaimbira foni mwamunayo kuti abwere adzatenge mkazi wake? Anabweradi, pagalimoto yonyezimira, n'kuwagulira zoziziritsa kukhosi onse apakauntala. Apolisiwo anamuperekeza mpaka pageti akumutchula kuti bwana.

Wapolisi anakanda kumutu. Anati iyeyo tsiku limenelo kunalibe. Anatinso bamboyo anafunsidwa mafunso mokwanira, ndipo palibe umboni woti anachita kanthu. Munthu woipa angataye chuma chake kufunafuna mkazi?

"Chabwino, bwana," anatero mwini saluni. "Tinene kuti mwamupeza lero, wamoyo. Mukamupititsa kuti?"

"Kwa amuna awo, nanga kuti? Odandaula ndi iwowo."

Mwini saluni anagwira tsache mwamphamvu mpaka zala kuwawa. Akanakhala munthu wamba akanamuswa nalo pamphuno. Anangoloza chitseko.

Koma wapolisi anali asanathe. Anati musaluni ndimo mumaphulika nkhani zonse za m'tauni, choncho pepalalo liyenera kukhala pagalasi lalikulu, pomwe mayi aliyense wolukitsa aziliona. Mwini saluni anati galasi analigula yekha, ndipo amene alikhudze ndi guluu aona chomwe chinameta nkhanga mpala. Wapolisi analimata pachitseko, kunja. Analisalaza bwinobwino ndi chikhatho, n'kukuwira cha kukona kuti nawonso mayi ali mudilayawo akamva kanthu asachite manyazi, mphothoyo ilibe tsankho. Phokoso la dilaya linameza mawu ake.

Mwini saluni anaima pazenera mpaka yunifolomu ija inakhota pangodya. Anatuluka, n'kukanganula pepala lija guluu asanaume, n'kulikwinya. Kenaka analowa, n'kukhoma chitseko, n'kutsitsa katani. Anapita pakona n'kuzimitsa dilaya.

"Wapita. Bwerera kuchipinda chakuseri msanga, ndipo lero usatulukenso."

Mayi uja anatulutsa mutu pang'onopang'ono. Nkhope inali yomwe ija ya papepala, kungoti mano awiri akutsogolo panalibe.