Khola la Nkhunda la Mwatitha

A Mkwapatira, amene anakhomapo madenga ku Joni ndi ku Beira, ankadzitama kuti palibe ntchito ingawakanike. Koma lamulo la sukulu linkati kholo likangokhudza ntchito yodzisankhira mwana, makina oyesa amanunkhiza, mwanayo n'kubwereza kalasi.

Mwana wawo Mwatitha anasankha kumanga khola la nkhunda, n'kubwereka nkhunda ziwiri kwa azakhali ake, koma kholalo linkapendekeka.

"Ababa, manjawo kumbuyo."

"Ndikungoloza, mayi."

"Kulozanso makinawo amamva."

Bambowo anapempha akazi awo kuti aziwamanga manja ndi chitenje mpaka khola lithe, ndipo anapirira. Makina atabwera sanayeze mizati. Anangodikira kuti aone ngati nkhunda zibwerere m'kholamo, ndipo zonse zinalowa. Mwatitha anakhoza.

Zitaswa, anabweza kwa azakhali ake nkhunda ziwiri zimene anabwereka, n'kuwonjezerapo maunda atatu.