Kudzagwira Chanza cha a Lackson

A Hilary Chikopa anakwera masitepe a kampani ina ku Limbe ali wefuwefu, tayi ili paphewa. Anali wapampando wa komiti yolangiza za malamulo a makina oganiza, ndipo mawa lake ankayenera kukauza nthumwi za mayiko oyandikana nafe ngati Malawi ali ndi makina olankhula Chichewa oti munthu n'kuwadalira.

Yankho anali nalo kale: ayi.

Kampaniyo inali itawapatsa nambala ya foni yoti aziyeserapo okha. Inati panambalapo pali makina, palinso munthu. Akaimba, woyamba kuyankha ankakhala Vanessa, mawu ake ozizira ngati madzi a mu Juni. Akafunsa za feteleza, Vanessa ankangoti, "Bwerezani." Akabwereza, ankati, "Dikirani." Tsiku lina anawatchula kuti a Hilda. Zikamukanika, ankawapatsira a Lackson.

Koma a Lackson! Munthu woleredwa bwino. Ankayamba ndi moni, kufunsa za kunyumba ku Namiwawa, kenako kupepesa m'malo mwa Vanessa. Chimene sakuchidziwa ankanena poyera kuti sakuchidziwa. A Hilary atadandaula za bondo, a Lackson anakana kuwatchulira mankhwala, n'kuwauza kuti apite akaonane ndi dokotala.

Choncho maganizo awo anali atawatumiza kale kwa anzawo onse a m'komiti: Vanessa azimitsidwe asanatichititse manyazi pamaso pa alendo, ndipo dera lonse litengere chitsanzo cha a Lackson, chifukwa umunthu sungaloŵe m'waya. Lero anangobwera kudzagwira chanza cha bamboyo.

Mwini kampani, mayi Ursula Namaona, anawalandira mu ofesi yopapatiza, momwe munkamveka maminibasi akuitanira anthu kunja. Anamvetsera zonse osaphethira.

"Ndiye mukuti Vanessa azimitsidwe?"

"Lero lomwe, mayi. Musakhumudwe. Chinthu chija sichimva, sichiganiza, ulemu chilibe. Anzathu akachimva adzatiseka mpaka kwawo."

"Nanga a Lackson?"

"Amenewo akwezeni pantchito. Mawa ndikufuna akakhale pambali panga, alendo akaone munthu amene dziko lingamudalire."

Mayi Ursula anayang'ana kudenga kwa kanthawi.

"Kuwanyamula ndiye kungavute," anatero. "Pajatu komiti yanu ndi imene inalamula kuti munthu aziyamba kuyankha, makina azibwera pambuyo."

"Ndinalemba ndine zimenezo," anatero a Hilary monyadira.

Mayiwo anatsegula chitseko cha chipinda china. Mkatimo munali mtsikana atavala zomvera m'makutu, akudya chinangwa, phazi ataliika pabokosi lakuda limene linkalira chapansipansi.

"Vanessa, mwana wa achemwali, tachotsa phazi pa a Lackson. Abwanawa akufuna kuwagwira chanza."

Mtsikanayo anachotsa chomvera chimodzi.

"Bwerezani," anatero.