Ukwati Wosaoneka pa Filimu

"Ababa, zithunzi za ukwati wanga zija zili kuti?"

Bamboyo, wokonza makamera, sanadzutse mutu. Anapitiriza kupukuta kagalasi ka kamera yakale.

Pa makamera amenewa munthu amasuzumira pakazenera kapambali, osati m'lenzi, galasi lakutsogolo lojambulira. Ukaiwala kuchotsa chotsekera lenzi, iwe umaona zonse bwinobwino, koma filimu siiona kanthu. Bamboyu ankachenjeza aliyense za zimenezi, mpaka makasitomala anam'patsa dzina loti Chotsanikaye.

"Ulendo watha munati mankhwala otsukira atha," anatero mwana wake wamkaziyo. "Lero sindichoka."

Bamboyo anatulutsa filimu m'dirowa n'kuitambasula pawindo. Inali mbee, mutu mpaka mchira.

"Chotsekera," anatero motsitsa mawu.

"Tsiku lonse?"

"Ndi keke yomwe."

"Ndiye kuti mwamuna ujanso sakuonekamo?"

"Palibe akuoneka, mwanangu."

Mtsikanayo anatulutsa sizasi m'kachikwama n'kuiika patebulo. Apa m'pamene bambo ake anaona sutikesi yaikulu itatsamira chitseko.

"Ndinabwera kudzam'dula pa chithunzi chilichonse," anatero, akuvula nsapato. "Mwajambula bwino, ababa."