Nyali Yosaphethira

"Ababa, bwanji a Troels agula galimoto yatsopano, ife tikungonunkha nsomba?"

Funso la mwana wakeli linkamubayabe Ejvind usikuwo popita kudoko kukalimbitsa zingwe za boti lake. Troels, mnansi wake, adasiya usodzi n'kuyamba kukonza makina amphepo opanga magetsi, aja adazikidwa pakati pa nyanja. Chiyambireni, ngakhale galu wake adanenepa.

Ejvind anayang'ana kunyanjako mtima ukuwawa. Nyali zofiira za pamakinawo zimaphethira nthawi imodzi, zonse. Koma panali ina yosaphethira, m'munsi, pafupi ndi madzi. Atapukuta m'maso, anaona kuti yasendera.

Anapeza Troels atakhala pakhoma la doko, khofi atamuzizirira m'manja.

"Abwana amphepo, makina anu ayamba kuyenda tsopano?"

Troels sanaseke. "Nyali imeneyo ikunditsata kuyambira Lolemba, ndipo imandizindikira ndi jeketeli. Paja iwe umasirira ntchito yangayi? Mawa ndikakunenera kwa akapitawo kuti akulembe ntchito. Koma ulonjeze kuti jekete langali uzivala ndiwe."

Nyali ija inali italowa m'doko. Ejvind anasisita jeketelo, lokhuthala, latsopano.

"Ndalonjeza," anatero. "Vula."