Pulagi ya Kumapeto

Dzanja langa linali litapanikizika pakati pa injini ndi mapaipi a utsi, likufufuza pulagi ya kumapeto, pamene bambo anayankhula kumbuyo kwanga.

"Galimotoyi ikalira bwino, mchimwene wako adzaitenga Loweruka. Ndamupatsa."

Sindinatembenuke. Pulagi imeneyo sioneka ndi maso, umaipeza ndi nsonga za zala, ndipo kwathu konse dzanja lokwana pamenepo ndi langa lokha. Galimoto yakale ya mpikisanoyi inakhala zaka zisanu osalira. Ndine ndinachotsa zoyatsira zake zakutha, n'kuika koyilo yatsopano ndi kabokosi kogawa moto ku mapulagi, waya uliwonse ndikulumikiza ndekha.

"Kodi achimwenewo amadziwa kuti mapulagi alipo angati?" ndinafunsa.

"Adzaphunzira. Iwe ndiwe mwana wamkazi. Ukadzakwatiwa, galimoto yanga ipite kwa eni?"

Ndinamanga pulagiyo pang'onopang'ono mpaka inagwira, n'kuvekapo waya wake. Potulutsa dzanja, chitsulo chinandisupula khungu pamwamba pa zipsera zakale.

Bambo anapotokola kiyi kamodzi kokha. Injini inabangula mpaka malata a galaja ananjenjemera, iwo n'kumaseka ngati mwana.

"Manja ako ndi odala, mwanawe," anatero atazimitsa. "Usadandaule. Pulagi imeneyo ikadzavuta, mchimwene wako azidzakuitana."

Ndinapukuta magazi ndi kansanza. Kenako ndinatola sipanala yomwe ndinaipinda ndekha pamoto kuti izifika pakona imeneyo, n'kuiponya m'chikwama changa.

"Muwauze adzabwere ndi zida zawo," ndinatero.