Khoma la Shuga

Supuni itafika pakamwa pa mwana, apongozi anandigwira dzanja.

"Thupitu lasiya kutentha. Mukufuna kumumaliza ndi mankhwala mdzukulu wangayu?"

Mankhwala anali atangofika pakati pa botolo. Ndinabwereza zimene anandiuza adokotala. Tizilombo ta mabakiteriya timadzimangira khoma la timaunyolo ta shuga tolumikizana. Mankhwalawa amaletsa kulumikizanako, kachilombo n'kuphulika. Mukasiyira panjira, totsalato timamanganso.

"Khoma la shuga!" anaseka apongozi. "Bambo a mwana, mwawamva akazi anuwa? Sukulu zinazi!"

Amuna anga, mmisiri womanga nyumba, ankapala simenti ku nsapato zawo pakhomo. Sanadzutse mutu.

"Khoma longogumuka theka sitichedwa kulidzutsa, amayi."

Dzanja langa linamasuka. Mwana anameza, nakwinya nkhope.